Mwana akufuna gitala: muyang'ane zala zake musanayang'ane katoni

Funso lachokera kwa mayi ena a ku Lifuwu, konkuno ku Salima. Akuti: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 14. Kuyambira ali wamng'ono amaimba gitala ya chigubu yomwe anakhoma yekha, ndipo tsopano achinyamata a kutchalitchi akumufuna m'gulu lawo. Ndagulitsa mpunga ndipo ndapatula kangachepe. Pa Facebook ndaona wamalonda wina wa ku Lilongwe akugulitsa katoni yathunthu: gitala ya magetsi, ampu yaing'ono, chingwe, lamba ndi chikwama, zonse mtengo umodzi, akuti atumiza pa minibasi. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akuti angathenso kutumiza yogwirapo kale ntchito. Kwathu kulibe magetsi, timadalira kasola ka nyale ndi mafoni. Nditani?"

Zikomo mayi pofunsa ndalama zikadali m'chikwama. Ambiri amandipeza atagula kale, gitala ili m'manja, nkhope ili yakugwa. Ndakhala ndikuphunzitsa ana ndi kukonza magitala kuno kwa zaka zambiri, ndipo ndiyambe ndi kukuuzani mosabisa: katoniyo musalipire musanaigwire, ndipo gawo lalikulu la ndalama za mpungazo lipite pa gitala yeniyeniyo, osati pa tinthu toiperekeza.

Ndikufotokozereni chimene chimandichititsa kulimbikira chonchi. Chaka china bambo ena anabwera ndi mnyamata wawo atanyamula gitala yofiira, yonyezimira ngati galimoto yongotuluka kumene. Anandiuza kuti mwanayo anailirira chaka chathunthu, koma atamugulira anangoimba milungu itatu n'kuikoleka pakhoma. Ankafuna ndiwauze ngati mwana wawo ali ndi luso kapena ayi. Nditaigwira gitalayo mtima unandiwawa. Nsambo zinali zitakwera kutali ndi khosi moti pensulo inkadutsa pansi pake osakhudza. Ineyo, amene nsonga za zala zanga zinalimba kalekale, ndinavutika kugwira chord ya F (chord ndi kudinikiza nsambo zingapo kuti zilire pamodzi). Mwanayo ankakhulupirira kuti wolephera ndi iye. Ndinamubwereka yanga mwezi umodzi, ndipo pakutha pa mweziwo ankaimba nyimbo zitatu mosadodoma. Ana ambiri amene amasiya gitala sasiya chifukwa cha ulesi. Amasiya chifukwa chidacho chimawapweteka ndipo sichisunga mawu, ndiye amadziweruza okha.

Magitala amene mungakumane nawo ndi amitundu itatu. Pali ya bokosi ya nsambo zachitsulo, pali ya bokosi ya nsambo za nayiloni imene imatchedwa classical, ndiye pali ya magetsi.

Ya nayiloni ndi yofewa ku zala, ndipo kwa mwana wa zaka 8 kapena 9 amene sanagwirepo chilichonse ndimakonda kuyamba nayo. Yamaha C40 ndi yotchuka pa ntchito imeneyi. Koma khosi lake ndi lalikulu, pafupifupi mamilimita 52 kumutu, pamene ya chitsulo imakhala pa 43, ndipo mawu ake ndi ofatsa, amamira pakati pa ng'oma ndi mawu a achinyamata makumi awiri. Mwana wanu wakulira pa waya wa mabuleki a njinga. Zala zake zinaphunzira kale kupirira, choncho kufewa kwa nayiloni sikumuthandiza kwenikweni. Palinso ngozi ina imene ndaiona kambirimbiri: nsambo ya nayiloni ikaduka, munthu amathamangira zachitsulo chifukwa ndi zomwe wazipeza pafupi. Nsambo zisanu ndi imodzi za nayiloni zimakoka ndi mphamvu yosafika thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50. Zachitsulo zimakoka mopitirira makilogalamu 70, pafupifupi thumba ndi theka, usana ndi usiku. Gitala ya classical sinapangidwe kuti isenze katundu wotere. Khosi limapindika, ndipo kathabwa komwe nsambo zimamangidwa pamimba, kamene timati buliji, kamazuka.

Za ya magetsi, anthu amakonda kunena kuti mwana ayambe ndi bokosi kaye kuti alimbe zala. Ine sindigwirizana nazo. Ya magetsi yokonzedwa bwino ndi yofewa kuposa ya bokosi, pakuti nsambo zake ndi zopyapyala ndipo zimakhala pafupi ndi khosi. Vuto lake kwa inu ndi lina. Popanda ampu, kabokosi kokuzira mawu ake, imangonong'ona. Panyumba popanda magetsi, mwana azidikira Loweruka kuti akailumikize kutchalitchi, pamene chimene chimakuza woimba ndi kugwira chida tsiku ndi tsiku, pakhonde, pansi pa mtengo wa mango, madzulo akaweruka kusukulu.

Ndiye mukandifunsa kuti ndingagule chiyani akanakhala wanga, ndingagule ya bokosi ya nsambo zachitsulo. Pa zaka 14 atenge yaikulu yonse. Zazing'ono zolembedwa 3/4 ndi za ana a zaka zochepera 11 kapena 12. Ndalama zikalola, ndingasankhe ya bokosi yokhala ndi polowetsa jeki, kamutu ka chingwe cholumikizira. Imeneyi kunyumba imalira yokha, kutchalitchi mumangoilumikiza ku mikisa, makina olumikizako zida ndi maikolofoni, ndipo imamvekera m'masipika a mpingo, osafuna ampu yakeyake. Zambiri mwa izo zimadya kabatire kamodzi ka 9V, ndipo mwana adziwe kuti jeki ikasiyidwa yolowetsa batire limangotha ngakhale sakuimba.

Komabe mufunseni kaye mwiniwake. Mumufunse kuti akamamvera wailesi, khutu lake limatsata chiyani. Ngati limatsata woperekeza nyimbo, amene amakhwatcha machord mawu a anthu akuyenda pamwamba, bokosi ndi lake. Ngati chimene chimamusowetsa tulo ndi lidi ya rhumba kapena sungura, timawu tothamanga ta kumunsi kwa khosi, ndiye kuti mtima wake uli pa ya magetsi, ndipo kumugulira bokosi kuli ngati kupatsa msodzi khasu. Zikatero tikambirana za ampu ya mabatire pansipa. Muonenso dzanja limene amakhwatchira pa chigubu chake. Ngati ndi wamanzere ndipo anazolowera kutero, muuze wogulitsa msanga, chifukwa kungotembenuza nsambo pa gitala ya kumanja kumasokoneza mawu ake.

Mayina amene mungawakhulupirire pa mtengo wa oyamba kumene si ambiri. Pa bokosi pali Yamaha F310, imene yaphunzitsa anthu osawerengeka, komanso za Cort, Ibanez ndi Epiphone. Pa magetsi pali Yamaha Pacifica 012 kapena 112, Squier Stratocaster, imene ndi ya kampani ya Fender, ndi Epiphone, imene ndi ya Gibson. Koma dzina lolembedwa pamutu wa gitala si umboni. Zachinyengo zilipo zambiri. Mukaona yatsopano yolembedwa Fender kapena Gibson ikugulitsidwa motchipa kuposa Squier, dziwani kuti dzinalo ndi lomata. Pa bokosi suzumirani m'bowo la pamimba, muone pepala la kampani ndi nambala ya mtundu wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pa magitala utoto wowala ndi umene umabisa zambiri.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, pakuti ndi pamene ndalama zanu zipulumukire kapena kutayikira. Kuchokera kuno kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100. Thiransipoti ya anthu awiri ikudyerani ndithu, koma ndi yochepa poyerekeza ndi kulandira chinthu chopindika chimene simungathe kubweza. Pitani ndi mwanayo. Ngati kutchalitchi kuli woimba gitala wodziwa, mupempheni akuperekezeni. Mutenge foni yokhala ndi pulogalamu yochunira gitala, zaulere zilipo zambiri, ndiponso makhadi a ku banki atatu kapena anayi, ngakhale otha ntchito.

Poyamba inyamuleni gitalayo, muike diso kumutu kwake n'kuyang'ana motsata khosi mpaka kumimba, monga amachitira kalipentala poona ngati thabwa lili lowongoka. Kakupindika kochepa kwambiri kolowa m'kati n'koyenera. Chimene simukufuna ndi khosi lokhota ngati uta, kapena lopotoka, mbali ina yokwera ina yotsika. Lopotoka silichira. Ibwezeni pomwepo, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo.

Kenako muyeze kutalika kwa nsambo. Tizitsulo topingasa pakhosi timati mafureti. Werengani kuchokera kumutu mpaka pa fureti ya 12, pamene nthawi zambiri pamakhala timadontho tiwiri. Khadi la ku banki ndi lokhuthala mamilimita 0.76, choncho atatu osanjikiza ndi pafupifupi 2.3. Alowetseni pakati pa kachitsuloko ndi nsambo yaikulu ya pamwamba, gitala itachunidwa. Pa bokosi lachitsulo makhadi atatu alowe mothinana pang'ono. Akalowa anayi n'kutsalabe malo, gitalayo imulanga mwana. Pa ya magetsi awiri kapena atatu akwanira. Muyeso umenewu wokha ukanapulumutsa mnyamata wa gitala yofiira uja.

Mwana akhale pansi, adinikize nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, kuyambira kumutu mpaka kumunsi, mmodzimmodzi osathamanga. Mumvetsere ngati pena pakulira ngati ntchentche yakodwa m'botolo, kapena mawu akufa osamveka. Ayendetsenso chala m'mphepete mwa khosi. Nsonga za mafureti zisamukande. Ndiye achune nsambo imodzi ndi foni ija, ailize yosagwira, kenako aidinikize pa fureti ya 12. Pamenepo ndi pakati penipeni pa nsambo, ndipo foni iyenera kuonetsa chilembo chomwecho, kamuvi kali pakati kapena pafupi kwambiri. Kakathawira kutali, ndiye kuti gitalayo ngakhale muichune bwanji, machord ake azimveka osemphana ndi kiyibodi ya kutchalitchi, ndipo anzake azimuyang'ana iye.

Yang'anani buliji. Yesani kulowetsa kapepala kumbuyo kwake. Kakalowa, guluu wayamba kutaya. Gonekani gitala muone ngati mimba yatupa kumbuyo kwa bulijiyo. Onani pamene khosi lalumikizana ndi bokosi ngati pali mng'alu. Potozani makiyi ochunira onse asanu ndi limodzi: ayende mosalala, osati kuzungulira pachabe kenako n'kulumpha. Mukachuna, mwana aimbe mwamphamvu mphindi zisanu, muyezenso. Nsambo zatsopano zimatsika pang'ono, zimenezo n'zachibadwa, koma imodzi ikamangothawa yokha mobwerezabwereza, kiyi yake ndi yakufa. Ngati ndi ya magetsi kapena ya jeki, musachoke osailumikiza. Potozani timabatani tonse, sunthani switch mbali zonse, gwedezani jeki pang'ono. Kukhotchola ndi kuduladula mawu zisamveke.

Wogulitsa amene akukana kuti muchite zimenezi wakuuzani kale zonse zimene mumafuna kudziwa. Ndipo ndalama musatumize pafoni kwa munthu amene katundu wake mwangomuona pachithunzi.

Si vuto lililonse limene liyenera kukuthawitsani. Nsambo zikakwera pang'ono chabe pamene khosi lili lowongoka, mmisiri angathe kupala kafupa koyera ka pabuliji, kapena kusintha chitsulo cha m'kati mwa khosi chotchedwa truss rod. Ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo ngakhale gitala yatsopano ya dzina labwino imapindula nayo. Koma mwana asadzayese yekha ndi sipanala ya njinga. Chitsulocho chimapotozedwa pang'onopang'ono, kotala ya mzungulo n'kudikira, ndipo chikaduka m'kati gitala yatha.

Tsopano za kwathu kuno kunyanja, zimene ogulitsa a mumzinda sangakuuzeni. Gitala ndi thabwa ndi guluu, ndipo imakondwa mpweya ukakhala ndi chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Ife kuno timaipatsa zonse zosemphana nazo: chifundi cha Okutobala ndi Novembala, chinyontho cha dzinja, kenako mwera wa Juni ndi Julayi. Thabwa limafufuma ndi kufota motsatira nyengozi. N'chifukwa chake kwa woyamba kumene sindilimbikitsa zodula zolembedwa solid top, za thabwa limodzi lenileni pamimba. Zimalira mokoma, inde, koma zimang'aluka msanga zikasowa chisamaliro. Za matabwa opyapyala omatikiza, monga F310 ija, zimapirira nyengo yathu. Pano kutchipa kwake kwagwirizana ndi kulimba kwake.

Kunyumba gitala izigona m'chikwama chake. Isapachikidwe pafupi ndi malata, isatsamire khoma lowombedwa ndi dzuwa la masana, isagone pansi pachinyontho pomwe chiswe chingaipeze. Ndinalandirapo ina imene inasiyidwa m'galimoto yotseka magalasi pa Senga Bay masana amodzi okha a Okutobala, ndipo buliji inali itanyamuka ngati chikhadabo. Thukuta lathu ndi chinyezi cha kunyanja zimadya nsambo msanga. Mwana azisamba m'manja asanaigwire, makamaka akachoka kokazinga nsomba kapena kodya, ndipo akamaliza azipukuta nsambo iliyonse pansi ndi pamwamba ndi kansalu kouma. Timapaketi toyera timene timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano musataye, muziponya m'chikwama cha gitala nthawi ya mvula, pakuti timayamwa chinyezi.

Tibwere ku ampu, poti ndi imene yakukopani m'katonimo. Ma ampu a m'makatoni ambiri amakhala a mawatsi 10, kasipika kake kakang'ono. Ngakhale yabwino ya msinkhu umenewu, monga Fender Frontman 10G ya sipika ya mainchesi 6, ntchito yake ndi ya kuchipinda. Mukaiika m'tchalitchi momwe muli ng'oma ndi kiyibodi, imangolira mokakamizika osamveka. Pamenepo pamafunika ya mawatsi 40 kapena 50 yokhala ndi sipika ya mainchesi 12, monga Boss Katana 50, ndipo chida chotero ndi chogula mpingo, osati mayi mmodzi wogulitsa mpunga. Musanagule ampu iliyonse, kafunseni amene amayang'anira zida kutchalitchi kuti ali ndi chiyani. Mwina pa mikisa pali malo opanda kanthu amene akungodikira mwana wanuyo.

Manambala a mawatsi asakusokonezeni. Ampu ya mawatsi 20 siphokosera kawiri kuposa ya 10. Khutu limangomva kusiyana pang'ono, ndipo kuti limve ngati phokoso lawirikiza pamafunika mphamvu yochuluka kakhumi. Kukula ndi ubwino wa sipika ndi zimene zimamveka kwambiri. Mukaona kabokosi kopepuka kolembedwa mawatsi mazanamazana pambali pa zilembo PMPO, nambalayo ndi yokopera ogula. Yeniyeni ndi yolembedwa RMS.

Ngati mwana wasankha ya magetsi, panyumba panu pakufunika ampu ya mabatire. Blackstar Fly 3 ndi ya mawatsi 3, Boss Katana Mini ndi ya 7, palinso Roland Micro Cube. Zonsezi zimayenda ndi mabatire asanu ndi limodzi a AA, ndipo mukagula mabatire otchaja, kasola kanu kangathe kuwadyetsa. Pali tina tating'ono ngati bokosi la machesi, monga Vox amPlug, tolowetsa mwachindunji m'gitala n'kumvera m'mahedifoni. Mwana angaimbe usiku osadzutsa aliyense, bola asamakweze kwambiri, pakuti makutu akawonongeka sabwerera. Anyamata ambiri amayesa kulumikiza gitala ku sabuufa ya pabalaza kapena ku wailesi. Mawu amatuluka, koma ofooka ndi osakoma, chifukwa polowera pake sipanapangidwire gitala. Ndipo mnzake akadzabwera ndi gitala ya besi, asadzailowetse mu ampu yaing'ono ya gitala wamba. Mawu akuluakulu a besi amang'amba kasipika kotero. Besi ili ndi ma ampu akeake, monga Fender Rumble.

Pa magetsi ndilankhule ngati kholo linzanu, chifukwa apa pali moyo wa mwana. Magetsi a m'dziko muno ndi 230V, ndipo pulagi yathu ndi ya mano atatu amakona. Ku South Africa mphamvu ndi yomweyo, kusiyana ndi pulagi yokha, ya mano akuluakulu obulungira, choncho ampu yochokera kwa amalume ake ingagwire ntchito mutasintha pulagi moyenera. Za ku America ndi za 120V. Mnyamata wina anandibweretsera ampu yokongola imene anaipeza pa kaunjika. Anailumikiza osawerenga kumbuyo, inangoti phu, utsi n'kutuluka, ndipo kukonza kwake kukanaposa mtengo wogulira. Werengani kachikwangwani ka kumbuyo nthawi zonse.

Dzino lachitatu la pulagi, la earth, lisadulidwe, ndipo mawaya osenda asalowetsedwe m'soketi ndi timitengo ta machesi monga ndimaonera m'matchalitchi ena. Nsambo za gitala ya magetsi zimakhala zolumikizana ndi chitsulo cha ampu kudzera m'chingwe. Ampu ikachita vuto popanda earth, magetsi amadzera m'manja mwa woimba, makamaka akaponda simenti yonyowa opanda nsapato, kapena akakhudza maikolofoni ndi milomo dzanja lili pansambo. Mwana akangomva kulumidwa pang'ono, asiye n'kuuza akuluakulu. Kumene amagwiritsa ntchito jenereta, ampu iyatsidwe injini itakhazikika, ndipo izimitsidwe injini isanazime. Magetsi akathima, zulani pulagi, chifukwa pobwera ndi pamene amakonda kuotcha zinthu.

Za achimwene anu a ku Johannesburg, musawakanire. Yamaha kapena Squier yogwirapo ntchito koma yosamalidwa imaposa kutali yatsopano yopanda dzina, ndipo kumeneko zosankha ndi zambiri. Chofunika n'chakuti mayeso onse ndafotokozawa achitike komweko, ndi munthu wodziwa kuimba. Atumize zithunzi zoonetsa mbali ya khosi pa fureti ya 12 makhadi atalowetsedwa, kumbuyo kwa buliji, kumbuyo kwa mutu pomwe pamakonda kuthyoka, ndi pepala la m'kati. Akajambule kavidiyo gitala ikulira fureti iliyonse. Ulendo ndi umene umapha magitala ambiri ochokera kumeneko, pakuti amasanjikizidwa ndi mafiriji ndi matumba. Nsambo azimasule pang'ono, mutu aukulunge ndi zovala, ndipo ilowe m'bokosi lolimba. Afunsiretu za mtengo wonyamulira ndi msonkho wa pachipata, muphatikize zonse, kenako muyerekeze ndi mtengo wa ku Lilongwe. Nthawi zina kusiyana kwake kumachepa kwambiri moti ndi bwino amalume angothandiza ndi ndalama.

Sindikunena kuti katoni iliyonse ndi yoipa. Yamaha ili ndi yake yotchedwa GigMaker, Squier ndi Epiphone nawonso ali ndi zawo, ndipo m'kati mwake mumakhala gitala ya dzina lodziwika imene ikanagulika ngakhale payokha. Funso loti mudzifunse ndi limodzi: atachotsamo ampu, lamba ndi zina zonsezo, kodi gitala yokhayi ndingaigule? Mufunseni wamalonda wa pa Facebook uja dzina ndi nambala ya gitalayo ndi ya ampu yake. Akayankha kuti ndi "yabwino kwambiri, ya kunja" osatchula dzina, ndiye kuti zinthu zisanuzo zagawana mtengo wa chinthu chimodzi, ndipo yaperewera ndi gitalayo.

Zofunikadi pambali pa gitala ndi zochepa. Chikwama chikhale cha thonje m'kati, cha malamba awiri oberekera, osati kansalu kopyapyala ka m'makatoni kamene kamangoteteza fumbi, pakuti gitala imeneyi iziyenda pa kabaza. Nsambo zapadera mugule mapaketi awiri muli komweko, chifukwa yaing'ono ya pansi imaduka nthawi yosayembekezera ndipo simungakwere minibasi chifukwa cha nsambo imodzi. Pa bokosi sankhani zopepuka, zolembedwa 10-47 kapena 11-52. Pa magetsi 9-42. Mapiki, tipulasitiki tokhwatchira nsambo, ndi otchipa ndipo amasowa ngati singano, mutenge angapo. Lamba afunika poti kutchalitchi aziimba choimirira. Chochunira chili kale m'foni, koma ngati foniyo ndi yanu ndipo mumayenda nayo kumsika, kachochunira kopanira kumutu kwa gitala kamuthandiza. Ine ndimalangiza kuti pa K10 iliyonse, K7 ipite pa gitala, yotsalayo igawidwe pa chikwama, nsambo, mmisiri ndi ulendo.

Chinthu china chimene ndikupempheni: gitala ya chigubu ija musaitaye, ndipo musamuuze kuti tsopano wapeza yeniyeni ngati kuti inayo inali yoseweretsa. Nyimbo za dziko lino zakulira pa zida zokhoma pamanja. Allan Namoko wa ku Thyolo anamveka dziko lonse ndi banjo, ndipo Madalitso Band yayenda maiko a ku Ulaya ndi babatoni ya nsambo imodzi ndi gitala ya nsambo zinayi. Kakhwatchidwe kamene mwana wanu wakaphunzira pachigubupo, dzanja lamanja loyenda ngati ng'oma, ndi chuma chimene ana ambiri oyambira pa gitala ya m'sitolo ndimavutika kuwaphunzitsa. Chatsopano kwa iye chikhala dzanja lamanzere ndi kachunidwe ka nsambo zisanu ndi imodzi, E A D G B E kuyambira yaikulu. Milungu iwiri kapena itatu yoyamba zala zimuwawa m'malo atsopano. Mphindi 20 tsiku lililonse zimupindulira kuposa maola atatu Loweruka lokha.

Tsiku logula, pobwerera musalole kondakitala aiponye kumbuyo pamodzi ndi matumba kapena kuimangirira kunja. Mwana aifungatire pamiyendo, ngakhale zitatanthauza kulipirira mpando wina. Mukatsika pa Kamuzu Road n'kukwera kabaza kapena njinga yamoto, aibereke kumsana mutu uli m'mwamba, ndipo azikumbukira nthambi za m'njira. Mukafika kunyumba isatulutsidwe nthawi yomweyo ngati yatenthedwa paulendo. Ikhale m'chikwama pamthunzi ola limodzi kuti izizire, kenako aichune. Masiku atatu kapena anayi oyamba nsambo zizitsika zokha chifukwa zikukokeka, ndiye azichuna nthawi iliyonse asanayambe kuimba. Pakatha milungu iwiri ikupitirirabe kutsika, kapena makhadi aja ayamba kulowa anayi, mupite nayo kwa mmisiri isanafike nyengo ya mvula.